William Murray: mbusa yemwe buku lake lidalumpha malire a Mchinji

Anthu a ku Mchinji malire amawadziwa kuposa wina aliyense m'dziko muno. Munthu amadzuka kwa Mkanda kapena kwa Mlonyeni, kukakhuza maliro a malume ake ku Chipata, dzuwa likamapendeka ali paulendo wobwerera. Ngati ndi wa CCAP, amapeza kuti mpingo womwe abale akewo amapemphera uli ndi dzina lina, Reformed Church in Zambia. Komabe mlaliki akatsegula Baibulo lakale lija, mawu ake amakhala omwewo amene munthuyo adakula akumva kwawo, a m'Buku Lopatulika.

Mipingoyi ndi iwiri, koma buku ndi limodzi. Kuseri kwa zonse ziwirizi kuli munthu mmodzi, Mbusa William Hoppe Murray, yemwe adagwira ntchito m'dziko muno zaka 43. Iwo sadali mbusa wa pa mpingo wa Mchinji, adakhala ku Mvera ndi ku Nkhoma. Koma mishoni ya Mchinji idatsegulidwa iwo ali pampando wotsogolera mishoni yonse ya Adatchi, ndipo zambiri zomwe mpingowu umanyadira, kudzanso zina zomwe umadandaula nazo, zidakhazikika m'nthawi yawo.

A Murray adabadwa mchaka cha 1866 m'tauni ya Worcester ku South Africa, m'banja lomwe ubusa udali ngati ntchito ya pamtundu. Agogo awo, a Andrew Murray, adachoka ku Scotland nkukakhala mbusa wa mpingo wa Dutch Reformed ku Graaff-Reinet mu 1822. Ana aamuna a gogoyu angapo adakhala abusa, kuphatikizapo bambo a William omwe ankatumikira ku Worcester. Mbale wina wa bambo awo, yemwenso dzina lake adali Andrew Murray, ndi uja adatchuka padziko lonse ndi mabuku a zauzimu, ndipo ndiye adali patsogolo pa kagulu ka abusa komwe kadayamba kusonkha ndalama mu 1886 kuti atumize munthu kumaiko a kumpoto.

Munthu woyamba kutumizidwa adali Andrew Charles Murray, yemwe adafika kuno mu 1888. Azungu amati iyeyu ndi William adali pachisuweni, koma popeza abambo awo adali a bere limodzi, kwathu kuno tikadangoti mkulu ndi mng'ono wake. Pa 28 November 1889, A.C. Murray pamodzi ndi Mbusa T.C.B. Vlok adakhoma hema wawo pa Mvera, m'dziko la mfumu ya Angoni, Chiwere. Apa ndiye pachiyambi pa mpingo womwe lero ndi Sinodi ya Nkhoma.

William atamaliza maphunziro a zaubusa ku Stellenbosch adatsatira mkulu wakeyo mu 1894. Ulendo wa masiku amenewo sudali wamasewera: sitima ya panyanja mpaka ku Chinde, kenako kukwera Zambezi ndi Shire, kuyenda pansi podutsa mathithi, sitima inanso pa nyanja ya Malawi mpaka ku Domira Bay, nkuyamba chitunda cha ku Mvera. Malungo ankapha amishoni ali anyamata, ndipo manda awo alipo m'mamishoni akale mpaka lero. A.C. Murray yemweyo adapulumukira mkamwa mwa kambuku, yemwe adamuvulaza kodetsa nkhawa.

Chomwe chidaonekera msanga mwa William ndi khutu la chinenero. Adaphunzira Chichewa cha m'midzi ya ku Dowa kuchokera kwa eni ake, ndipo luso limeneli ndilo lidadzawasenzetsa mtolo wolemera kuposa ina yonse.

Nkhondo ya Mpezeni

Pomwe ku Mvera sukulu zinkayamba, kumadzulo, komwe lero kuli Mchinji ndi Chipata, kudali dziko la Mpezeni, mfumu ya Angoni yomwe sinkafuna kumva za mzungu wodzakhazikika. Zinthu zidatembenuka mu January 1898 pomwe asilikali a Angelezi ochokera ku Nyasaland adathira nkhondo Angoniwo. Mikondo ndi zishango sizidalimbe pamaso pa mfuti zazikulu. Nsingo, mwana wa Mpezeni yemwe adatsogolera nkhondoyo, adawomberedwa, ng'ombe zambirimbiri zidalandidwa, ndipo Mpezeni adasungidwa kwa kanthawi pa linga la Fort Manning. Lingali lidatenga dzina la William Manning, mkulu wa asilikali yemwe pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa wa dziko lino. Ndi pomwe padakula boma lomwe lero timati Mchinji.

Mpezeni atagonja, khomo lomwe lidali lotseka lidatseguka, ndipo uthenga udafika ku Mvera woti aphunzitsi atha kupita. Vuto lidali loti mishoni idalibe anthu ngakhale ndalama zokwanira. Choncho adapempha mpingo wa Dutch Reformed wa chigawo china cha South Africa, cha Orange Free State, kuti utenge dera latsopanolo. Pa 5 July 1899 abusa awiri, P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr, adayamba ntchito pa Magwero, kufupi ndi mapiri omwe mtsinje wa Bua umayambira, pang'ono chabe kuseri kwa malire a Mchinji.

Nkhani imeneyi ikuoneka yaing'ono, koma ndi pomwe padagawanika njira. Mvera idali m'manja mwa mpingo wa ku Cape, Magwero m'manja mwa wa ku Free State. Onse adali Adatchi, chiphunzitso chimodzi, nyimbo zofanana, koma matumba a ndalama ndi olamula adali osiyana. Achewa ndi Angoni a m'malire, omwe ankakwatirana ndi kulima minda yoyandikana, sadafunsidwe maganizo.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 A.C. Murray adabwerera kwawo, ndipo utsogoleri wa mishoni udagwera William. Idali nthawi yovuta kwa Mbuno aliyense wokhala pansi pa mbendera ya Angelezi, pakuti kwawo ku South Africa nkhondo ya Mabuno ndi Angelezi idali mkati kuyambira 1899 mpaka 1902, ndipo mipingo yomwe inkatumiza thandizo idasauka. A Murray adayenera kukhala bwino ndi mabwana a boma la atsamunda, omwe abale awo ankawomberana ndi abale a amishoniwo. Chikayiko chimenechi sichidatheretu, chinkabukanso nthawi ndi nthawi.

Njira yomwe adatsata pofalitsa mpingo idali yapafupi kuimvetsa. M'malo momanga sukulu imodzi yaikulu yapamwamba, adadzaza midzi ndi tisukulu tating'ono ta udzu. Mphunzitsi, yemwenso adali mlaliki, ankaphunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu pang'ono ndi katekisimu, Lamulungu nkuchititsa mapemphero pomwepo. Sukulu zikachuluka m'dera, ndi oklasi nkuchuluka, pankatsegulidwa siteshoni yokhala ndi mzungu. Mlanda idatsegulidwa mu 1902, Mphunzi mu 1903, Malingunde mu 1907. Kunena zoona, amene adanyamula ntchitoyi pamutu ndi aphunzitsi achikuda aja, omwe ankagona m'midzi ya eni, kudya zopemphetsa, ndi kupirira mafumu omwe sankawafuna.

Kumadzulo kudalinso china chowafulumizitsa. Mu 1903 ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers adakhazikika pa Kachebere, m'boma lomweli la Mchinji. Masiku amenewo mpingo womwe wayamba kumanga sukulu m'mudzi ndiwo unkatenga mudziwo, choncho padali kulimbirana mafumu kosabisa. Lero ansembe ndi abusa amakhalira limodzi pamaliro ndi pamisonkhano ya chitukuko, koma agogo athu adaona aphunzitsi a mipingo iwiriyi akupikisana kuti afike msanga kwa nyakwawa.

Siteshoni ya Mchinji idatsegulidwa mu 1914. Chochititsa chidwi nchakuti amishoni adaitcha dzina la phiri, Mchinji, pa nthawi yomwe boma linkadziwika kuti Fort Manning. Dzina la msilikali lija lidadzafufutidwa dziko litalandira ufulu, la phiri nkutsala. Koma chaka chotsegulira chidali choipa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka chaka chomwecho, amuna ambiri a m'chigawo chapakati adagwidwa kukanyamula katundu wa asilikali pa ntchito ya mtengatenga, ambiri osabwerako, ndipo mu 1918 chimfine choopsa chidasesa midzi. Mpingo wa Mchinji udayamba kukwawa pakati pa maliro.

Pa nthawiyi likulu la mishoni lidali litasamuka kale kuchoka ku Mvera kupita ku Nkhoma, komwe kudali pakatikati pa masiteshoni komanso kutali ndi matenda a kaodzera a kunyanja. Kumeneko kudakula chipatala, sukulu ya aphunzitsi ndi makina osindikizira mabuku.

Zaka zoposa 20 pa buku limodzi

Ntchito yomwe a Murray amakumbukiridwa nayo kwambiri idayamba mu 1900, pomwe mamishoni angapo adagwirizana zokhala ndi Baibulo limodzi la Chinyanja. Zidutswa zidalipo kale. Dr Robert Laws wa ku Livingstonia adali atamasulira Chipangano Chatsopano, David Clement Scott wa ku Blantyre adali atalemba m'Chimang'anja, ndipo a Anglican ku Likoma ankagwiritsa ntchito Chinyanja cha kunyanja. Chomwe chinkasowa ndi buku loti munthu wa ku Thyolo, wa ku Dowa ndi wa ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, onse alimve.

Komiti idakhazikitsidwa motsogozedwa ndi Mbusa Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, koma chintchito chenicheni chidagwera a Murray. Chipangano Chatsopano chidatuluka cha m'ma 1906. Chipangano Chakale, chomwe ndi chachitali katatu ndipo chidalembedwa m'Chihebri, chidadya zaka zina zambiri. Kuti apeze bata, a Murray ankakabindikira pa phiri la Kaso kufupi ndi Mvera, kutali ndi milandu ya pa siteshoni.

Sadali okha. Mbusa Robert Napier wa ku Blantyre adathandiza kwambiri, koma sadalione bukulo litasindikizidwa chifukwa adaphedwa pa nkhondo ku Mozambique mu 1918. Ndipo padali Amalawi atatu omwe maina awo sitiwatchula mokwanira: Jonathan Sande, Ishmael Mwale ndi Wilibes Chikuse. Mzungu ankadziwa Chihebri ndi Chigriki, koma amene ankadziwa ngati chiganizo chikumveka pabwalo la mfumu kapena pamtondo adali iwowa. Aliyense amene adayesapo kumasulira ngakhale kalata ya kuchipatala kwa agogo ake akudziwa kuti kudziwa tanthauzo la mawu nkosiyana ndi kudziwa kanenedwe kake.

Taganizirani mafunso omwe ankakumana nawo. Nyumba yopatulika ya ku Yerusalemu aitche chiyani? Adagwiritsa ntchito mawu oti kachisi, omwe makolo ankatchulira kanyumba kothirirako nsembe kwa mizimu ndi kupempha mvula. Otumikira m'menemo adakhala ansembe, ndipo zopereka zawo zidakhala nsembe, mawu omwewo a pansi pa mtengo wa msolo. Apa adalimba mtima, pakuti adatenga mawu a chipembedzo chomwe ankalalikira kuti anthu achisiye, nkuwasenzetsa katundu watsopano. Koma pa dzina lenileni la Mulungu wa Aisraeli adachita mantha kutenga la makolo, ndipo adalemba kuti Yehova.

Padalinso nkhani ya kalankhulidwe. Chimang'anja cha kummwera ndi Chichewa cha pakati zimasiyana mawu ena ndi ena, ndipo mishoni iliyonse inkakokera kwawo. Chomwe chidatuluka ndi Chinyanja chosakaniza, choti palibe mudzi umodzi womwe unkayankhula chimodzimodzi, koma chomveka kulikonse. Omasulirawo adatsatiranso kwambiri kayalidwe ka ziganizo za Chihebri. Nchifukwa chake mavesi ambirimbiri amayamba ndi mawu oti ndipo, ndipo ena amafuna kupuma kawiri usadafike kumapeto. Ana a sukulu a lero amati ndi Chichewa chovuta. Akuluakulu amati ndicho Chichewa cholemera, choyenera pa guwa. Onse akunena zoona.

Baibulo lathunthu lidasindikizidwa mu 1922 ndi dzina loti Buku Lopatulika ndilo Mau a Mulungu. A Murray sadalekere pomwepo, adatsogoleranso ntchito yolikonza, ndipo lokonzedwalo lidatuluka mu 1936. Kwa mabanja ambiri ili ndilo lidali buku lokhalo m'nyumba. Anthu adaphunzirira kuwerenga m'menemo, ankalemba masiku obadwa a ana kuchikuto kwake, ndipo opita ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni ankalinyamula m'sutikesi. Kuyambira 1912 mishoni idali ndi mbusa ku Salisbury, a Vlok aja, wotsatira anthu a kuno omwe adapita kukagwira ntchito.

Mbali yomwe imawawa

Kuyamikira munthu sikutanthauza kutseka maso. Mishoni yomwe a Murray ankatsogolera idakonda Chichewa mpaka kumana anthu Chingelezi. Maganizo awo adali oti mwana aphunzire m'chinenero chake, adziwe Baibulo, ulimi, ukalipentala ndi kuwumba njerwa, akhale m'mudzi mwake osathamangira m'tauni. Akatswiri a zamaphunziro a bungwe la Phelps-Stokes omwe adayendera dziko lino mu 1924 adaiyamikira kwambiri njira imeneyi.

Koma makolo ankaona zina. Ntchito za ukalaliki m'maboma, m'masitolo ndi m'makampani zinkapita kwa anyamata a ku Livingstonia ndi ku Blantyre omwe ankayankhula Chingelezi. Mwana wa ku Mchinji, wanzeru zofanana, ankathera kumunda wa fodya wa mzungu kapena ku mgodi. Chigawo chapakati chidatsalira pa maphunziro apamwamba kwa zaka zambiri, ndipo mbali ina ya mlanduwu ili pakhomo pa mishoni. Pali kusiyana pakati pa kulemekeza chinenero cha munthu ndi kumusankhira pomwe ayenera kulekezera, ndipo amishoni a ku South Africa, omwe kwawo tsankho linkakula, sadaone kusiyanaku msanga.

Nkhani ina ndi ya gule wamkulu. Mchinji ndi dziko la madambwe, ndipo mishoni idaika mzere woonekeratu: wolowa mpingo asiye dambwe, wobwerera kudambwe achotsedwe mumpingo. M'zaka za m'ma 1920 kulimbana kudakula m'chigawo chapakati, a gule akuletsa ana kupita kusukulu, amishoni akupempha boma kuti lithetse gule, boma nkumazengereza poopa kuputa mafumu. Mabanja adagawanika, ndipo mpaka lero maliro ena amavuta kuyendetsa pomwe mbumba ili mbali ziwiri. Pa chinamwali mpingo udadzapeza njira yapakati poyambitsa chilangizo, choti amayi achikhristu azilangiza atsikana m'malo mwa anamkungwi a kumudzi.

Pomwe malire adalowa m'tchalitchi

Mu 1925 mishoni idadzoza abusa ake oyamba achikuda, a Andreya Namkumba ndi a Namon Katengeza. Padali patapita zaka 36 chiyambireni pa Mvera, ndipo sitingalephere kunena kuti kudali kuchedwa, poona kuti Blantyre idadzoza abusa ake oyamba mu 1911 ndipo Livingstonia mu 1914.

Chaka cha 1924 mipingo ya Blantyre ndi Livingstonia idaphatikizana kupanga Church of Central Africa Presbyterian. A Murray, omwe adagwira ntchito ya Baibulo ndi Asikotchi kwa zaka zambiri ndipo ankawadziwa bwino, adafuna kuti Nkhoma ilowe nawo. Kwawo ku South Africa ena ankakayika, poganiza kuti Asikotchi adali olekerera pa chiphunzitso. Padafunika kukambirana ndi kuika mfundo zotetezera chikhulupiriro, koma mu 1926 Nkhoma idalowa mu CCAP. Mpingo wa Mchinji udalowa nawo limodzi, ndipo mkhristu wa ku Mchinji adakhala wa mpingo umodzi ndi wa ku Karonga ndi wa ku Mulanje.

Tsidya lina la malire zidayenda mosiyana. Amishoni a ku Free State, omwe adali atafalikira kuchoka ku Magwero kupita ku Madzimoyo, Nyanje, Nsadzu ndi madera ena, sadalowe mumgwirizanowo. Mpingo wawo udakula pawokha, udadzoza mbusa wake woyamba wachikuda, a Justo Mwale, mu 1929, ndipo mu 1968 udatenga dzina loti Reformed Church in Zambia. CCAP iliko ku Zambia, koma mizu yake ndi ya ku Livingstonia. Choncho Magwero ndi Mchinji, mamishoni oyandikana obadwa kuchokera ku Mvera, adathera m'mipingo iwiri.

Chaka chomwecho cha 1968 chinenero nacho chidasiyana dzina. Kuno boma la Kamuzu Banda lidalamula kuti chizitchedwa Chichewa, ku Zambia chidakhalabe Chinyanja. Ngakhale kalembedwe kadasiyana: ife timalemba ch pomwe anzathu a ku Chipata amalemba c yekha, monga momwe zidalili m'Buku Lopatulika loyambirira. Amene ali ndi Baibulo la agogo m'nyumba atsegule aone mmene adalembera mawu oti chipangano.

A Murray adapuma pa ntchito mu 1937 nkubwerera ku South Africa, komwe adamwalira mu 1947. Banja lawo silidachoke lonse. Mwana wawo wamkazi, Pauline, adaphunzira udokotala ndipo adatumikira zaka zambiri pa chipatala cha Nkhoma, pamodzi ndi amuna ake, a J.L. Pretorius, omwe ankayang'anira za maphunziro. Sukulu ya sekondale ya William Murray ku Nkhoma imasunga dzina lawo. Mu 1962 mishoni idapereka ulamuliro ndi katundu wake, kuphatikizapo siteshoni ya Mchinji, m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma.

Mabaibulo ena adabwera pambuyo. Akatolika adatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ndipo mu 1998 kudatuluka Buku Loyera, lomwe Akatolika ndi mipingo ina adamasulira limodzi m'Chichewa chapafupi. M'menemo omasulira adachita chomwe a Murray ndi anzawo adazengereza pa Kaso: pomwe padali Yehova adalembapo Chauta.